Kangaude wodzisandutsa nyerere

Mu bayoloje sabata ino tili pa mutu wa tizilombo totengera maonekedwe a tinzake, ndipo amene andikhalira m'mutu ndi akangaude odumpha a mtundu wa Myrmarachne ndi abale awo a Belippo. A Belippo sadziwika kwenikweni. Ndi a mu Africa muno, ndipo anawalemba koyamba katswiri wa akangaude Eugène Simon mu 1910. Onsewa ali m'banja la akangaude odumpha lotchedwa Salticidae, la mitundu yoposa 6,000.

Kangaude ali ndi miyendo 8, nyerere 6. Ndiye uyu amanyamula miyendo iwiri yakutsogolo n'kumaigwedeza m'mwamba kuti izioneka ngati tinyanga. Thupi ndi lalitali, lopyapyala pakati, chiuno cha nyerere chenicheni. Kayendedwe nakonso amabera: kuthamanga mokhotakhota, kuima pang'ono, kuyambanso. Kudumpha, komwe ndi luso la banja lawo, amachita mwa apo ndi apo.

Loweruka ndinamuona mmodzi pa tsamba la mango kwathu ku Kapata, ali chapatali pang'ono ndi mzere wa nyerere. Nditamukhudza ndi kaudzu anatembenuka n'kundiyang'ana ndi maso awiri akuluakulu akutsogolo aja, kenako anadziponya n'kulendewera pa ulusi. Nyerere ulusi wolendewerapo ingautenge kuti?

Anzanga ambiri m'kalasi ankati amadzisintha chonchi kuti azidya nyerere mozemba. Ayi, ambiri mwa iwo nkhani ndi kuopa kudyedwa. Mbalame, mavu ndi akangaude akuluakulu amapewa nyerere chifukwa zimaluma, zina zili ndi asidi, komanso zimabwera chigulu. Chinyengo chotere, choti chopanda ukali chizioneka ngati choopsa, anachifotokoza wasayansi Henry Walter Bates mu 1862 ataphunzira agulugufe a ku Amazon.

Koma pali wina wochenjera mopitirira, Myrmarachne melanotarsa wa kufupi ndi nyanja ya Victoria. Amatengera nyerere za Crematogaster ndipo amakhala pagulu. Akangaude ena odumpha akaona gululo amathawa n'kusiya zisa, iye n'kudya mazira.

Chomwe chinandiseketsa ndi amuna a Myrmarachne. Nsagwada zawo ndi zazitali kwambiri, moti amaoneka ngati nyerere yosenza katundu pakamwa. Tsoka lake, kuli akangaude ena odya nyerere omwe amasankha yosenza katundu, poti pakamwa pake ndi potseka, singawalume msanga. Basi mwamunayo amagwidwa m'malo mwa nyerere.