Zikomo Nonse Amene Munalambula Nafe Manda Akale ku Linga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikulemba m'malo mwa kagulu kathu kochepa kamene kamasamalira manda akale a mpingo wa Anglican kuno ku Linga, ku Nkhotakota, kuti ndithokoze aliyense amene anagwira nafe ntchito yolambula ndi kukonza ziliza, yomwe tinaimaliza lisanafike tsiku la Oyera Mtima Onse pa 1 Novembala.

Ambiri mukudziwa kuti amishoni a Anglican a bungwe la UMCA (Universities' Mission to Central Africa) anakhazikika pano mu 1894, pa doko lomwe a Jumbe ankawolotserapo akapolo kupita kutsidya kwa nyanja. Wansembe woyamba, Arthur Fraser Sim, anamwalira mu 1895, ndipo chaka chomwecho Bishopu Chauncy Maples, amene anali atangodzozedwa ku London, anamira pa nyanja pa 2 Sepitembala ngalawa yawo itagubuduzika ndi namondwe, naikidwa pano pa tchalitchi cha All Saints. Mayina amenewa sangatayike, chifukwa ali m'mabuku ndipo alendo amabwera kudzawafunsa. Chimene chinkatisowetsa tulo ndi mitumbira ya makolo athu, aphunzitsi, asodzi ndi amayi amene anasenza njerwa ndi madzi a mpingo uno, omwe mitanda yawo yamatabwa inadyedwa ndi chiswe ndipo yachitsulo inatha ndi dzimbiri, pamene mvula ya chaka chatha inakokolola dothi mpaka mitumbira ina inafafanizika.

Achinyamata, munabwera Loweruka lililonse ndi makasu, zikwanje ndi mawilibala pa dzuwa loswa mtengo la Okutobala, ndipo sitinamve wina akunyinyirika. Amayi a Mothers' Union, munatiphikira nsima ya kondowole ndi usipa. Amene muli ku Lilongwe ndi ku Joni munatumiza ya simenti ndi laimu. Adzukulu a m'mudzi, ena mwa iwo Asilamu, anatithandiza kuzula zitsa popanda kusokoneza amene agona pansi. Ambuye akubwezereni nonse.

Koma kuthokoza kwanga kwakukulu kupite kwa agogo aakazi atatu amene anayenda nafe pang'onopang'ono ndi ndodo zawo, akuima pa mtumbira uliwonse ndi kutchula mwini wake, mudzi wake ndi ana amene anasiya. Pomwe anasemphana mawu sitinalembe chilichonse, popeza kupachika dzina lolakwa pa manda a munthu ndi mlandu waukulu kuposa kuwasiya opanda dzina. Mmodzi wa iwo ndi amene anandigwira dzanja nandionetsa pamene anagona amayi a bambo anga, pafupi ndi mtengo wa mango, malo amene ndakhala ndikuwadutsa kuyambira ubwana wanga osadziwa. Ndinagwada pomwepo, ndipo misozi sindinaibise.

Mayina onse amene tinatsimikiza tawalemba m'kaundula. Mbali yakumunsi ikadali ndi mitumbira yosadziwika mwini, choncho mabanja amene mukukumbukira pamene munaika abale anu, chonde tionane Lamulungu likudzali Misa ikatha, mvula yoyamba isanagwe.