Tsiku limene khadi langa linaona nyenyezi masana

Graphics card yanga, khadi la mu kompyuta limene limajambula zithunzi za pa sikirini, ndi GTX 1060 ya 6GB, yogula kwa munthu, ndipo Okutobala akafika imalira. Usiku wina mafani ake anasokosa mpaka mayi a kunyumba anandifunsa kuti, "Bambo a mwana, chigayo mwatsegulachi chiyamba liti kubweretsa ndalama?" Mwana n'kuti atangogona kumene. Ndiye ndinaika MSI Afterburner, pulogalamu yaulere yosinthira liwiro la khadi ndi la mafani ake, imene imagwira ntchito pa khadi la NVIDIA ngakhalenso la AMD.

Ikatseguka mumaona timizere tokoka: Power Limit, Temp Limit, Core Clock, Memory Clock ndi Fan Speed. Pambali pa Fan Speed pali kabatani ka Auto. Ndinakazimitsa, fani n'kuikokera pa 30%, n'kudina Apply. M'nyumba munangoti zii, ndipo m'mawa tiyi anabwera ndi mazira.

Kabatani kameneka kakakhala koyaka, khadi limadzisankhira lokha liwiro la fani molingana ndi kutentha. Mukakazimitsa, nambala mwaikayo ndi yomweyo, kaya khadi lili pa madigiri 40 kaya likuwira. Koma GTX 1060 siipsa chisawawa, imadziteteza. Ikafika pa madigiri 83, omwe ndi Temp Limit yake yochokera kufakitale, imayamba kudzichepetsera liwiro. Khadi loyenera kuthamanga pa 1708 MHz kapena kuposa limatsika, masewera n'kuyamba kudukizadukiza.

Ine poona kudukizako ndinagamula kuti khadi lakalamba, likufunika kulikakamiza. Core Clock, liwiro la chip ya khadi, ndinawonjezera 250, Memory Clock, liwiro la memory yake, 1000, Power Limit, malire a magetsi amene khadi limakoka, n'kuikankhira kumapeto. Fani ili pa 30% pomwe paja. Kenako ndinadinanso kachizindikiro ka Windows, kamene kamauza pulogalamuyi kuti iziika manambala amenewa nthawi iliyonse kompyuta ikayaka. Ndinkati ndisamavutike kubwereza nzeru zanga m'mawa uliwonse.

Masewera a mpira atangoyamba, pabwalo panagwa timadontho tobiriwira ndi tofiirira. Mphuno ya goloboyi inatalika kukafika pakati pa bwalo. Sikirini inada, n'kubwerera ndi uthenga wakuti display driver, pulogalamu yoyendetsa khadi, inasiya kuyankha ndipo yadzukanso. Windows imatero ikaona kuti khadi lakhala chete masekondi 2. Ndinazimitsa, n'kuyatsanso. Chrome itangotseguka, timadontho tija tinabwerera, chifukwa nayo imagwiritsa ntchito khadi, ndipo manambala anga anali kale pantchito mokhulupirika.

Apongozi anali atabwera kudzaona mdzukulu. Anaima pakhomo, nayang'ana sikirini kwakanthawi, kenako anauza mwana wawo motsitsa mawu koma mokwanira kuti ndimve: "Uwauze bambowo kuti izi si zamagetsi ayi. Alipo amene sakukondwa nawo." Madzulo ake anapempherera nyumba yonse, kompyuta anaitchula kawiri.

Mphwanga atabwera anangoti, "Achimwene, mwaichita chiyani?" Ndinati yangoyamba yokha. Sanayankhe. Pamalo olembera password anagwira Shift n'kudina Restart, kenako Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, n'kusankha 4. Mu Safe Mode, Windows imayenda ndi driver yake wamba ndipo Afterburner siidzuka. Analowa mu foda ya MSI Afterburner ya mu Program Files (x86), n'kutsegula Profiles. Asanafufute mafailo a m'menemo anatsegula imodzi ndi Notepad, n'kundiwerengera mokweza manambala amene "anangoyamba okha" aja.

Anayamba ndi fani, osati liwiro. Mu Settings muli gawo la Fan, mumachonga pa Enable user defined software automatic fan control, n'kujambula mzere wanu. Wathu unakhala chonchi: 30% pa madigiri 40, 50% pa 60, 70% pa 75, ndipo pa 85 fani ilire mmene ingathere, kaya mwana adzuka. Pa hysteresis anaika madigiri 4 kuti fani isamakwere ndi kutsika kutentha kukangosintha pang'ono, pakuti chimasowetsa tulo kwambiri ndi phokoso losinthasintha. Mzere umenewu umagwira ntchito pokhapokha Afterburner ili yotsegula, ndiye mumachonganso Start with Windows. Ndi chinthu china chosiyana ndi kachizindikiro kanandipweteka kaja, ndipo kameneko simukakhudza mpaka manambala atayesedwa.

Kuyesako ndi ntchito yotopetsa. Core Clock mumawonjezera 15 kapena 25 basi, n'kuthamangitsa Unigine Heaven, pulogalamu yoyesera khadi imene imapereka score pamapeto, kwa theka la ola mukuyang'ana kutentha. Driver ikagwa, mwapitirira, bwererani masitepe awiri. Core ikakhazikika m'pamene mumapita ku Memory, 50 kapena 100 nthawi imodzi. Mukakweza zonse pamodzi simudziwa chimene chalakwa, ngakhale kawirikawiri timadontho timaloza ku memory, pamene kugwa kwa driver kumaloza ku core. Memory ili ndi kachinyengo kake: GDDR5, mtundu wa memory ya khadili, ikaona kuti deta yalakwika panjira imaitumizanso, moti sikirini imaoneka bwinobwino pamene score ikutsika. Score ikasiya kukwera, imani pomwepo.

Pomaliza anazula chingwe cha magetsi n'kutsegula kesi. Pakati pa mafani ndi heatsink, chitsulo chochotsa kutentha, panatuluka fumbi lochindikala ngati chala, lokhala ndi ubweya wa mphaka, chikhalirecho ife mphaka tilibe. Anagwira mapiko a fani ndi chala popemerera kuti asazungulire mopitirira, n'kumasula cooler (mafani ndi heatsink pamodzi), kupukuta thermal paste yakale, phala lopaka pakati pa chip ndi heatsink, imene inali itauma gwa, n'kupaka yatsopano kadontho kamodzi pakati. Khadi linasiya kufika pa 83, ndipo phokoso linachepa tisanakhudzenso kamzere kalikonse.

Overclock, kuwonjezera liwiro kuja, imene inapirira mayeso onse inangondiwonjezera ma FPS (zithunzi pa sekondi) ochepa moti ndimawaona pa nambala ya pakona yokha. Mphwanga anadya nkhuku, natenganso ndalama ya minibasi. Apongozi anabwerera kumudzi akudziwa bwino lomwe chimene chinachiritsa kompyutayo, ndipo ine ndinatuma mayi a kunyumba kuti akawathokoze.