Kulawa musanagule: m'mene ndinapezera ndege yoyenera kompyuta yanga kuno ku Dedza

Aliyense amene anagulapo mbatata ya kachewere pa Lizulu kapena pa Bembeke amadziwa kuti wogula wochenjera salipira asanaone pansi pa ndowa, chifukwa zikuluzikulu zimayalidwa pamwamba pomwe tating'ono timabisala m'munsi. Ine ndinakulira m'chizolowezi chimenechi, koma nditayamba kugula zinthu pa intaneti ndinachiiwala, mpaka ndinataya ndalama zimene zikanathandiza pa feteleza chifukwa cha ndege ya pa kompyuta imene sindinaiulutse ngakhale maola atatu.

Ndimagwira ntchito yotayipa ndi kusindikiza mapepala pa Dedza boma, ndipo ndikaweruka ndimakonda kuulutsa ndege pa pulogalamu yoyeserera, imene tonse oikonda timangoitcha simuleta. Chidwi chinayamba tsiku limene ndinaperekeza alamu anga ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, pamene ankabwerera ku Johannesburg, n'kuona Boeing 737 ya Malawi Airlines ikunyamuka. Alamuwo ataona kuti nkhani ya ndege sikuchoka pakamwa panga, ananditumizira laputopu yawo yakale, momwe munali kale Microsoft Flight Simulator ya 2020. Simuleta imabwera ndi ndege zake, koma zambiri mwa ndege zikuluzikulu zimakhala zofewetsedwa, moti mabatani ena m'chipinda cha oyendetsa amangokhala okongoletsa. Pali makampani apadera amene amapanga ndege zotsanzira zenizeni mpaka pa mapampu a mafuta ndi mawaya a magetsi, komanso mabwalo a ndege ndi mamapu, ndipo zimenezi, zomwe timati ma add-on kapena zowonjezera, zimagulitsidwa pazokha.

Mitengo yake yakhala ikukwera. Microsoft Flight Simulator ya 2020 inkagulitsidwa $59.99, pamene ya 2024, imene inatuluka mu Novembala chaka chimenecho, inayambira pa $69.99 ndipo mtundu wake wodzaza zonse unafika pa $199.99. Kampani ya PMDG inatulutsa Boeing 737-700 mu 2022 pa mtengo wa $69.99, ndipo Boeing 777-300ER yake ya 2024 inabwera pa $77.73. Kwa munthu wolandira malipiro m'madola, kusiyana kumeneku n'kochepa, koma kwa ife kuno mtengo umakwera kawiri. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti chinthu cha $70 chimene kumayambiriro kwa 2022 chinali pafupifupi K57,000, kumapeto kwa 2023 chinali chitafika cha m'ma K119,000, ndipo umenewo ndi mtengo wa kubanki, kumene dola yeniyeniyo imavuta kuipeza.

Cholakwa changa chinachitika pakati pa kugwa kuwiriko. Ndinaona kanema wa ndege ina ya injini ziwiri, yowala ngati galasi, ikutera dzuwa likulowa, ndipo usiku womwewo ndinapempha alamu kuti andilipirire. Nditaiika pa laputopu, chithunzi chinayamba kudukiza ngati galimoto imene mafuta akuthera pamtunda wa Linthipe, ndipo potera ndege inkadumpha kuchoka pamalo ena kufika pena osandipatsa mpata woiwongola. Ndinalembera amene anandigulitsa, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti katundu wotsitsidwa pa intaneti sabwezedwa, monga zinalembedwera m'malamulo amene ndinavomera osawerenga. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere, koma kunena zoona nyererezo sizinali m'ndegemo ayi, zinali m'kompyuta yanga imene sinkatha kusenza katundu wotere. Mayi a kunyumba atamva mtengo wake anangoti, "Bambo, ndiye kuti mwagula ndege yosauluka?" ndipo sindinapeze choyankha.

Kuchokera pamenepo ndinadziikira ndondomeko, ndipo choyamba chinali kudziwa mphamvu za makina anga. Ndinalemba m'kope kuti laputopu ili ndi RAM (malo osungiramo zimene kompyuta ikugwirapo ntchito panthawiyo) ya 16 GB ndi graphics card (chipangizo chojambula zithunzi pagalasi) ya 4 GB, kenako ndinazolowera kuyerekeza manambala amenewa ndi amene ogulitsa amalemba patsamba la katundu wawo. Amalemba mizere iwiri, wa mphamvu zochepetsetsa ndi wa mphamvu zoyenera, ndipo ndinaphunzira kuti mzere woyambawo umangotanthauza kuti pulogalamu itseguka, osati kuti munthu asangalala nayo.

Chachiwiri chinali kuyesa simuleta ina yotchedwa X-Plane 12, ya kampani ya Laminar Research, imene imalola munthu kuitsitsa kwaulere n'kuuluka mphindi 15 nthawi iliyonse m'dera limodzi lochepa. Mphindi zimenezi n'zochepa kwa wofuna ulendo, koma n'zokwanira kwa wofuna kuyeza. Ndinatsegula kachiwerengero kamene kamaonetsa mafuremu pa sekondi, ndiye kuti kuchuluka kwa zithunzi zimene kompyuta ikujambula pa sekondi iliyonse, ndipo ndinayesa nyengo zosiyanasiyana: kunja kuli ngwee, kenako mitambo yochindikala ngati chiperoni chathu cha mu Juni chimene chimabisa phiri la Dedza mpaka masana. Nambala yofunika kuiyang'anitsitsa ndi 20, chifukwa mafuremu akatsika kupyola pamenepo X-Plane imachedwetsa nthawi, ndege n'kumayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi liwiro limene likuoneka pa geji. Nditachepetsa mithunzi ndi kuchuluka kwa nyumba zojambulidwa pansi, makina anga ankakhazikika pakati pa 28 ndi 35, ndipo zimenezo zinandikwanira. Chinandikopanso n'chakuti X-Plane, ukaitsitsa, dziko lake limakhala m'kompyuta momwemo, pamene Microsoft Flight Simulator imakoka zithunzi za satelayiti pa intaneti uku ukuuluka, makamaka ya 2024 imene imadalira kwambiri njira imeneyi. Kumene intaneti ndi yosawerengera zimenezo n'zokoma, koma kwa ine wogula bandulo, ulendo uliwonse unali ndi mtengo wake.

Gawo limene ndinakhalitsapo, ndipo ndikuona kuti ndi limene linandipulumutsira ndalama zambiri, linali la ndege zaulere. Pali magulu a anthu odzipereka amene amapanga ndege zotsanzira zenizeni osalipiritsa: kwa a Microsoft Flight Simulator kuli Airbus A320neo ya gulu la FlyByWire yotchedwa A32NX, ndipo kwa a X-Plane kuli Boeing 737-800 yokonzedwanso imene imadziwika kuti Zibo. Funso limene ndinkafuna kuyankha silinali lokhudza kompyuta yokha, linali lokhudzanso ine mwini: kodi ndili ndi kudekha kokhala theka la ola ndege isanasunthe? Ndege zoterezi umazipeza zitazima zonse. Uyatse batire, ulumikize magetsi a pabwalo kapena uyatse kainjini kothandizira ka kumchira, udikire zida zodziwira malo kuti zikhazikike, kenako ulowetse njira yonse m'kakompyuta ka ndege, pamodzi ndi kulemera kwa katundu ndi mafuta. Njirayo ndinkaikonza pa SimBrief, tsamba laulere limene limawerengera mafuta ndi mtunda monga amachitira makampani a ndege. Pamenepo mabwalo a ndege amalembedwa ndi zizindikiro zawo: la Kamuzu ndi FWKI, la Chileka ndi FWCL, ndipo la OR Tambo ku Johannesburg ndi FAOR. Kwa milungu itatu ndinkalephera pa chinthu chimodzi kapena china. Tsiku lina ndinaiwala kutsegula mpweya wopita ku injini n'kumadabwa kuti bwanji sizikulira. Koma ndinapeza kuti kulepherako kunkandikoka m'malo mondigwetsa ulesi, ndipo ndinapezanso chinthu chimene sindinkachiyembekezera, chakuti Boeing ya $70 imene ndinkaisirira inali ndi mbale wake waulere amene ankandipatsa pafupifupi zonse zimene munthu wa msinkhu wanga pa kuulutsa angathe kuzigwiritsa ntchito.

Njira yolawitsa yokonzedwa bwino kwambiri ndinaipeza ku DCS World, ya kampani ya Eagle Dynamics. Simuleta imeneyi ndi ya ndege zankhondo, zimene ine sizindikhudza kwenikweni, koma ili ndi mahelikopita amene ndinkalakalaka kuwayesa. Pulogalamu yake yoyambira ndi yaulere, imabwera ndi ndege ziwiri, Su-25T ndi TF-51D, ndipo ndege zambiri zogulitsa munthu angathe kuzibwereka kwaulere masiku 14, n'kudzabwerekanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Mwayi umenewu uli pa mtundu wotsitsidwa patsamba la kampaniyo, osati wa pa Steam, sitolo ya pa intaneti yogulitsa masewera a pa kompyuta, ndipo amafuna kuti akaunti ikhale yotetezedwa ndi nambala yachinsinsi yobwera pa foni. Chinthu chimene ndingachenjeze nacho mnzanga wa kuno n'chakuti masikuwo amayamba kuwerengedwa ukangodina batani lobwerekera, kaya magetsi alipo kaya kulibe. Choncho ndinayamba ndatsitsa pulogalamu yoyambirayo, imene ndi ya magigabaiti ambirimbiri, pa intaneti ya mnzanga wina ku Lilongwe Loweruka lina, ndinawerengeratu buku la malangizo a helikopita ya UH-1H, ndipo ndinadikira sabata imene ntchito inali yochepa ndisanadine batanilo. Masiku anayi okha anandikwanira kuti ndidziwe yankho. Helikopita imafuna manja awiri ndi mapazi awiri nthawi imodzi, ndipo ndi joyisitiki yanga yotchipa (chogwirira chowongolera ndege), yopanda zopondera, inkangozungulira ngati nguli ndikangoinyamula pansi. Ndikanaigula, ndikanafunikanso kugula zopondera zodula kuposa helikopitayo. Masiku atatha inazimiririka yokha m'ndandanda wanga, ndipo sindinataye ngakhale tambala.

Kumene kulibe mwayi wolawa, chotsala ndi kudziwa malamulo a kubweza. Steam imabweza ndalama ngati munthu wapempha pasanathe masiku 14 chigulireni ndipo sanagwiritse ntchito chinthucho maola opitirira awiri. Masitolo ambiri a opanga zowonjezera alibe lamulo lotere, n'chifukwa chake tsopano ndimawerenga tsamba la malamulo ndisanayang'ane zithunzi. Makanema a pa YouTube amathandiza kuona m'mene mabatani amagwirira ntchito, koma ojambula ake amakhala ndi makompyuta amphamvu kwambiri, ndipo ena amalandira ndegezo kwaulere, kotero kuti mawu awo ndimawamva ngati a wogulitsa pamsika amene akuyamikira katundu wa mnansi wake.

Nditamaliza zonsezi ndinasankha kugula X-Plane 12 yathunthu pa Steam, ndipo ndinadikira kumapeto kwa Novembala, nyengo imene masitolo a pa intaneti amatsitsa mitengo. Khadi langa la kubanki linakana kawiri, ndipo nditapita kukafunsa anandiuza kuti malire a ndalama zakunja amene amalola pamwezi ndi ochepa kuposa mtengowo. Ndinaimbira alamu, ndipo iwo anaseka n'kunena kuti, "Alamu, ulendo uno mwayang'ana pansi pa ndowa?" Tinagwirizana kuti iwo alipire kumeneko, ine ndipereke makwacha ake kwa apongozi anga ku Ntcheu, amene alamuwo amawatumizira thandizo mwezi ndi mwezi. Chowonjezera chokhacho chimene ndinalipira pambuyo pake chinali mwezi umodzi wa Navigraph, imene imapereka mamapu ndi njira za ndege zimene zimasinthidwa masiku 28 aliwonse. Ndinatsitsa zimene ndinkafuna, ndinaona kuti pa maulendo anga ochepa sindikufunika kulipira mwezi uliwonse, ndipo ndinaimitsa tsiku lolipiranso lisanafike.

Ulendo wanga woyamba wathunthu unali wochokera ku Kamuzu kupita ku Chileka. Ndinanyamukira pa msewu wa ndege wa 14, umene umaloza kum'mwera chakum'mawa, ndipo patapita mphindi zochepa phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198, linaonekera pansi, ndi mzere wa msewu wa M1 ukukhotakhota m'mbali mwake. Mwana wanga wamkazi, amene anali ataimirira kumbuyo kwanga, analoza pagalasi n'kufunsa kuti, "Adadi, nyumba yathu ili pati?" Ndinamuuza kuti simuleta imeneyi imajambula nyumba zongoyerekeza, ndipo kuti pali zowonjezera zimene zimaika zithunzi zenizeni za pansi. Anafunsa ngati tigula. Ndinatsegula kope lija, ndinalemba dzina la pulogalamu yaulere ya Ortho4XP imene imapanga zithunzi zoterozo, ndipo pambali pake ndinalemba kuti ndiyambe ndayesa kachigawo kamodzi kokha, ka Dedza, pa bandulo ya usiku, kuti ndione ngati mafuremu atsike kupyola 20.