Dizilo uja sindinameze ayi

Ndaona alamu anga ayamba kale kufalitsa kuti ndinamwa lita yathunthu ya dizilo, ndiye dzina loti Filling Station lisanakhazikike imvani kwa mwini wake.

Hilux yanga ija mukuidziwa, ya injini ya 5L, yopanda za kompyuta, imene anthu amati siifa. Siifadi, koma chiyambireni chiperoni m'mawa kuti ilire inali nkhondo. Masana kiyi kamodzi yalira. Ikagona usiku basi, sitata kumangozungulira, ku ekizozi osatuluka utsi olo pang'ono. Munthu aliyense wa ku Chilomoni anaipezera matenda ake. Uyu ati ma hita pulagi, aja otenthetsa injini ikazizira, apsa, ndagula. Uyu ati batire yatopa, ndathamangira ku Limbe. Wina ati dizilo wa m'zigubu amene ndinagula nthawi ya mizere ija anali ndi madzi, ndasintha fyuluta. Zonsezo galimoto ili duu. Ndinafika pomaigoneka pamtsetse mphuno itayang'ana kumunsi, ana a maneba akangondiona ndi kiyi m'manja ankabalalika.

Koma apa mundipatse ulemu wanga, matenda enieni ndinawatulukira ndekha. Kapampu kamanja kali pamwamba pa fyuluta kaja m'mawa kamakhala kofewa, ukakapopa mpaka kalimbe galimoto imalira bwinobwino. Ndiye kuti usiku dizilo amabwerera ku thanki, mpweya ukulowa penapake, ndipo m'mapaipi mukakhala mpweya ma nozulo opopera dizilo mu injini salandira kanthu, uzungulitsa sitata mpaka batire ithe.

Tsono Loweruka lija apongozi anagona kwathu, ndimayenera kukawasiya ku Wenela akakwere basi ya ku Ntcheu. Kapampu tsiku limenelo kakana kulimba. Ndinazula paipi yochokera ku thanki, ndati ndingoyamwa pang'ono dizilo afike, amakaniko amapanga daily izi, musandiyang'ane choncho. Kuyamwa, mpweya. Kuyamwanso, mpweya. Ndiye ndinakoka ndi mtima wonse, dizilo khuthu, masaya onse awiri tho.

Nthawi yomweyo kumbuyo kwanga, "Mwadzuka bwanji bambo?"

Apongozi aakazi. Agwada ndithu pakhonde, akuomba m'manja.

Abale anga ndiuzeni, mkamwini wanji amalavula apongozi akumupatsa moni? Kumeza nakonso ayi, ndili ndi ana aang'ono ine. Ndinangonjuta pambali pa tayala, kuomba m'manja, nkuyankha ndi mphuno, mmm mmm. Ndimati zathera pompo. Anthu a ku Ntcheu moni sathamangira. Anafunsa za msana wanga uja, mmm. Amayi kumudzi akupeza bwanji, mmm mmm. Nanga mvula chaka chino kwanu inakhala bwanji, funso loti ulongosole, ine mmm wautali wokwera ndi kutsika kusonyeza kuti inayamba bwino kenako inadula. Iwo nkuvomera, "Zoona, kwathunso chimodzimodzi." Tikucheza ndithu! Uku lilime layamba kuyabwa, masaya atupa ngati a chule, misozi ikutsika, dizilo wapeza njira pakona ya mlomo akuyenderera m'ndevu, dontho dontho pa shati yanga yoyera ya kutchalitchi. Ntchentche imene inatera pachibwano inanyamuka yokha.

Kenako atulukira apongozi aamuna. Kuona mkamwini wanjuta, akugwetsa misozi, osayankhula, anavula chipewa mwaulemu nkufunsa chapansipansi, "Kodi kwagwa zovuta?"

Apo ndiye ndinadzambatuka, liwiro la kuseri kwa bafa. Zoti ndinalavulira nkhuku nzabodza, nkhukuyo inabwera yokha. Alamu anga aja nthawi yonseyi anali pawindo akuseka mpaka kukhala pansi, olo kundibweretsera kapu ya madzi. Ndikuchukucha m'kamwa ndinamva apongozi akunong'oneza mayi a kunyumba, "Kodi anzakowa ayamba kumwa? Nanga fungoli ndi la mowa wanji?"

Ku Wenela anapita pa minibasi.

Masana kunabwera kamnyamata ka ku Ndirande, ovolosi yake yong'ambika, sipanala m'thumba lakumbuyo. Kanalumikiza kapaipi koonekera mkati pakati pa thanki ndi fyuluta, kupopa, thovu lili mbwee. Kutsatira paipi ija, pansi pa kilampu penipeni panali mng'alu wochepetsetsa. Akuti mbali yokoka imeneyo paipi ikang'aluka sidontha dizilo, imangoyamwa mpweya, nchifukwa chake pansi panali pouma. Kanadula nsonga ndi mpeni, kubwezera, kumanga kilampu, kupopa, kiyi kamodzi gruuu. Nditakauza kuti za mpweyazo ndinazidziwa kale, kanangoti, "Eya bigi, fungo likuchitira umboni."

Tiyi mpaka pano akumveka dizilo. Amene akufuna ma hita pulagi, akale aja ndikugulitsa, alibe vuto lililonse. Batire nayonso.