Tsiku limene magalasi anakana kukhala pamphuno

Lachiwiri usiku. Khosi likundiwawa, chifukwa tsiku lonse ndakhala ndikulipotoza uku ndi uku patsogolo pa kamera ngati nkhuku yaona mphamba. Tikupanga pulogalamu yoti munthu wofuna kugula magalasi pa intaneti ayambe wawayesa kumaso kudzera pa foni yake. Ukadaulowu amautcha augmented reality: kamera ikuonetsa nkhope yako yeniyeni, pulogalamu ikuikapo magalasi opangidwa pa kompyuta, ndipo ukatembenuka nawonso atembenuke.

M'mawa ndinalimbana ndi kunjenjemera. Timagwiritsa ntchito MediaPipe ya Google, yomwe imaika timadontho 468 pankhope, pa mphuno, pa nsidze, pa milomo mpaka pachibwano. Magalasi amakolekedwa pa timadontho timeneti. Vuto n'lakuti pa chithunzi chilichonse timadontho timasuntha pang'ono, ngakhale munthu utakhala phee osapuma n'komwe. Ndiye magalasi anali kunjenjemera ngati agwidwa malungo. Ndinayesa kuphatikiza zithunzi zingapo n'kutenga zapakatikati. Kunjenjemera kunatha, koma ndikatembenuka msanga magalasi ankatsalira m'mbuyo, n'kudzandipeza kenako. Chomwe chinandiombola ndi njira yotchedwa One Euro filter, yomwe inatuluka mu 2012. Mutu ukakhala duu imakhazika timadontho mwamphamvu, mutu ukayenda msanga imamasula. Pali timanambala tiwiri tokha tosintha, koma tinandidyera maola awiri. Ndipo zonsezi ziyenera kutheka m'mamilisekondi 33, popeza kamera imapereka zithunzi 30 pa sekondi. Ukapyola pamenepo diso la munthu limaona kuti chinachake chikutsimphina.

Timikono ta magalasi tinkaonekanso pamwamba pa khutu ndi tsitsi, ngati tamatidwa. Zimenezo sizinavute. Umaika mutu wosaoneka kumbuyo kwa nkhope, womwe ntchito yake ndi kubisa chilichonse chodutsa kuseri kwake. Pofika 11 koloko ndinali nditayamba kudzitama.

Masana ndi pomwe ndinagwa nayo. Eni magalasiwa anatitumizira enieni angapo oti tizifanizira. Mnzanga wina wa nkhope yotakata anayesa amodzi pa foni, anamukhala bwino zedi, mpaka anadzijambula. Kenako anatenga enieniwo patebulo. Anamufinya m'mbali mwa mutu, timikono titakanuka ngati tithyoka. Anawavula n'kundiyang'ana: "Achimwene, foni yanuyi ndi yabodza."

Sanalakwe. Nditabwerera mu khodi (malangizo oyendetsa pulogalamu) yomwe ndinalemba ndekha miyezi yapitayo, ndinapeza kuti ndinauza pulogalamu kuti izikulitsa kapena kuchepetsa magalasi molingana ndi kutakata kwa nkhope. Kutanthauza kuti magalasi aliwonse amakwana munthu aliyense, khanda ndi chimphona yemwe. Chonsecho magalasi enieni ali ndi miyeso yake. Mukayang'ana mkati mwa kamkono mupeza manambala ngati 52-18-140: kutakata kwa galasi limodzi, mpata wa pamphuno, ndi kutalika kwa kamkono, zonse m'mamilimita. Manambala amenewo pulogalamu yanga inkangowaponda.

Gwero lake n'lakuti kamera imodzi sidziwa mtunda. Mutu waukulu uli patali ndi mutu waung'ono uli pafupi zimaoneka chimodzimodzi. Mafoni ena alibe vutoli. Kuyambira pa iPhone X mu 2017, Apple inaika kamera ya TrueDepth yomwe imawaza timadontho tosaoneka toposa 30,000 pankhope n'kuyeza kuya kwake. Koma ogula ambiri alibe mafoni otere, ndipo sindingapangire pulogalamu anthu ochepa okha.

Apa m'pamene ndinakumbukira chinthu chomwe chimandidabwitsabe. Kabwalo ka diso kamene kali ndi mtundu, kozungulira mwana wa diso, n'kofanana kukula pafupifupi mwa anthu onse: mamilimita 11.7, kusiyana kwake theka la milimita basi. Munthu aliyense amayenda ndi rula m'maso mwake osadziwa. Ukawerenga kuti kabwaloko katenga malo otani pa chithunzi, udziwa mtunda, ndipo ukadziwa mtunda udziwa kutakata kwa nkhope. MediaPipe ili ndi timadontho 10 towonjezera ta m'maso, onse pamodzi 478. Ndinalumikiza zimenezo, mnzanga uja anayesanso, ndipo magalasi aja anamuchepera pa sikirini monga anamuchepera pamutu. Sindinayambe ndasangalalapo chonchi poona munthu akuoneka moipa.

Abwana sanasangalale nane. Anaima kumbuyo kwanga, manja m'thumba. "Tsono mwakonza kuti magalasi azioneka osakwana? Wogula akadziona wosakongola agula bwanji?" Anafunanso kuti tiwonjezere kosalaza khungu pang'ono, anthu azidzikonda.

"Bwana," ndinayankha, "akagula lero chifukwa tamunamiza, sabata ya mawa abweza, ndipo ndalama yotumizira idzalipidwa kawiri. Eni magalasi anatilemba ntchito kuti katundu wobwezedwa achepe." Anakhala chete, kenako anati tiyese njira zonse ziwiri pa ogula enieni, tione. Ndinavomera, koma za kusalaza khunguzo ndakana. Galasi lodziyang'anira la m'sitolo silichotsa munthu ziphuphu.

Madzulo kunabwera lina. Mnzathu wina wamkazi, wakhungu lakuda bii ndi maso akuda, anayesa atafulatira zenera. Kuwala konse kunali kumbuyo kwake, nkhope ili mumdima, ndipo muyeso unkangodumphadumpha, magalasi akukula n'kuchepa ngati akupuma. Anaseka nati, "Ine ndazolowera, makamera sandiona." Ine sindinaseke. Ndinakumbuka kafukufuku wa Gender Shades wa Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru mu 2018, yemwe anapeza kuti mapulogalamu ena osiyanitsa amuna ndi akazi pa zithunzi ankalakwitsa mpaka 34.7 peresenti pa akazi akhungu lakuda, pomwe pa amuna oyera sankapyola 0.8 peresenti. Ntchito yathu ndi ina, koma msampha ndi womwewo: ndakhala ndikuyesera pa nkhope yanga yokha, pansi pa nyali yowala ya patebulo panga.

Atatembenukira kuzenera muyeso unakhazikika. Ndiye ndawonjezera kauthenga kouza munthu kuti ayang'ane komwe kukuchokera kuwala, ndipo muyeso ukamagwedera pulogalamu isaonetse magalasi n'komwe, inene kuti sikuona bwino. Kwa amene zawakanikabe ndikuganiza zowapempha kuti aike khadi lofanana ndi la kubanki pamphumi, chifukwa makhadi amenewo ndi mamilimita 85.6 m'litali kulikonse. Koma lisakhale la kubanki lenilenilo, ndipo chithunzi chisatuluke m'foni. Mawa ndikusonkhanitsa aliyense mu ofesi, ovala magalasi kale, andevu, a mpango kumutu, tizimitse nyali theka, aliyense ayese.