Sabata yophunzitsa database: kuyambira pa kaundula wa banki m'khonde

Lolemba, tsiku loyamba lophunzitsa database (pulogalamu yosunga mfundo m'matebulo), sitinayatse kompyuta. Gulu lililonse la ophunzira linapatsidwa tsamba lokonzedwa ngati la m'kaundula wa banki m'khonde: dzina la membala, mudzi, foni, masheya ndi ngongole, zonse pamzere umodzi. Funso linali lakuti, membala akasintha nambala ya foni, mukonza malo angati? Wotenga ngongole kasanu ali pamizere isanu. Mukakonza inayi n'kuiwala umodzi, kaundula wayamba kudzitsutsa yekha. Normalisation, kukonza matebulo kuti mfundo iliyonse ilembedwe pamalo amodzi okha, imamveka bwino apa kusiyana ndi kuloweza malamulo ake pamtima. Tsambalo tinaligawa m'matebulo atatu: mamembala, masheya, ngongole. Nzeru ya matebulo olumikizanayi anaifotokoza Edgar Codd wa ku IBM mu 1970.

Tsiku lovuta kwenikweni linali Lachiwiri. Ambiri amafuna kuti dzina likhale primary key, chizindikiro chosiyanitsa mzere uliwonse ndi unzake, koma pagulu limodzi a Banda angakhale atatu. Foni nayonso siyenera, chifukwa banja lonse limatha kugwiritsa ntchito nambala imodzi. Ndi bwino kuika nambala ya membala ya mtundu wa INT (nambala yathunthu) yokhala ndi AUTO_INCREMENT, kuti database izipereka yokha.

Kenako mitundu ya data. Nambala ya foni ikaikidwa pa INT, ziro woyamba wa 099 kapena 088 amasowa. Mukawonjezera 265 kutsogolo, yapitirira malire a INT, omwe ndi 2,147,483,647. Nambala ya foni sitiiphatikiza ndi ina, choncho isungidwe ngati VARCHAR(15), kutanthauza mawu a zilembo zosapitirira 15. Ndalama zikhale pa DECIMAL(12,2), yomwe imasunga matambala ndendende, osati FLOAT, popeza FLOAT imangoyandikira, ndipo mukaphatikiza chiwongoladzanja kambirimbiri matambala amayamba kusiyana. Tsiku limalembedwa poyamba chaka, kenako mwezi, kenako deti. Ndipo tebulo likhale pa utf8mb4, njira yosungira zilembo zamitundu yonse, apo ayi chilembo cha ŵ chimatha kusanduka chizindikiro cha funso.

Lachitatu tinaika XAMPP, yomwe imabwera ndi MariaDB (pulogalamu ya database) komanso phpMyAdmin (tsamba loiyendetsera podina mabatani). Database ikakana kuyaka, yambani mwaona ngati pulogalamu ina yatenga kale port 3306, khomo limene MariaDB imagwiritsa ntchito. Zotsala zinali malamulo a SQL, chilankhulo cholamulira database: CREATE TABLE (kupanga tebulo), INSERT (kuikamo mizere) ndi SELECT (kuiwerenga), ndipo ndinakana kuti azingodina mabatani a phpMyAdmin. SQL imalowa m'mutu polemba ndi zala. Error 1064, yosonyeza kuti SQL yalembedwa molakwika, inatuluka paliponse, nthawi zambiri chifukwa cha chizindikiro cha koma (,) chotsalira kumapeto kwa mndandanda.

Lachinayi linali la foreign key (nambala yoloza ku mzere wa tebulo lina) ndi JOIN (kulumikiza matebulo). Wophunzira akalemba ngongole ya membala nambala 40 pomwe mamembala ndi 25, error 1452 imamukaniza. Ena amaganiza kuti china chawonongeka, pomwe database ikugwira ntchito yake, kukana ngongole yopanda mwini. Akaiwala ON, yomwe imanena mizere yoyenera kugwirizana polumikiza, mamembala 25 ndi ngongole 40 zimabala mizere 1,000, ndipo palibe chenjezo lililonse.

Choopsa kuposa zonsezi ndi UPDATE (kusintha) kapena DELETE (kufafaniza) yopanda WHERE, yomwe imasankha mizere yoti ikhudzidwe. Tinachita dala pa tebulo loyeserera: mzere umodzi wa SQL, ngongole za aliyense n'kukhala ziro. Njira yake ndi iyi. Yambani ndi SELECT yokhala ndi WHERE yomweyo, muone mizere imene ikhudzidwe. Lembani START TRANSACTION, sinthani, yang'ananinso, kenako COMMIT (kutsimikiza) ngati zili bwino, ROLLBACK (kubweza mwakale) ngati zalakwika.

Lachisanu, backup, kusunga kope la database pamalo ena. Magetsi akathima database ili mkati molemba, mafayilo amatha kuwonongeka ndipo XAMPP imakana kuyiyatsanso. Aliyense anayenera kutulutsa fayilo ya .sql ndi pulogalamu ya mysqldump, n'kuisunga pa flash, n'kufafaniza database yake ndi DROP DATABASE, kenako n'kuibwezeretsa. Amene anagwiritsa ntchito Export ya phpMyAdmin m'malo mwa mysqldump atasankha structure (mapangidwe a matebulo) yokha anapeza matebulo atatu opanda membala ngakhale mmodzi, ndipo anabwereza ntchito ya Lachitatu asanaweruke.