Masampulo anga a ku Bua angoonongeka mufiriji

Sabata ino yandilemera anzanga, ndilembe kaye mwina mtima utsika.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe zija, kuzungulira mijigo kuno ku Kasungu pa ntchito yanga yoyeza madzi, pH (muyeso wa asidi m'madzi), chlorine, kutenga madzi okayeza coliform, tizilombo tosonyeza ngati madzi adetsedwa. Lachisanu malipoti basi.

Nkhani ndi ya Lachitatu. Amfumu ena a m'mbali mwa Bua anaimba kuti anyamata okumba golide akutsukira dothi mumtsinje ndipo ena akugwirira golideyo ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni. Ndinanyamuka pa njinga yamoto, mafuta othira ndekha. Kufika ndapeza amayi akutunga chakumunsi pomwepo, ana ali ndi mbedza. Ndatenga masampulo sikisi, kubwerera ku ofesi nitric acid mulibe, anatha kalekale ndipo pepala lopempha asidi wina lija likadali pa tebulo la abwana. Inu mukudziwa, madzi oyeza zitsulo ukapanda kuthira asidi kuti pH itsike pansi pa 2, tizitsuloto timamatirira ku botolo, ndiye akafika pa makina ku tawuni nambala imatuluka yochepa ngati zonse zili bwino pomwe ndi bodza.

Abwana akuti, "Achimwene, madziwo si oyera bwinobwino? Musatichulutsire ntchito."

Mawu amenewa ndi amene andiwawa. Mercury saoneka ndi maso, malire a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, m'madzi akumwa ndi 0.006 mg pa lita, ungaione bwanji? Kuphitsa sikuchotsa, WaterGuard sachotsa. Ku Japan fakitale ya Chisso inkatayira madzi a mercury m'nyanja yamchere pa Minamata kuyambira 1932 mpaka 1968, nyanja yaikulu chonchija koma sinathe kumeza, poizoniyo anaunjikana m'matope, m'nkhono ndi m'nsomba. Amphaka ndi amene anayamba kuzungulirazungulira ngati openga nkumafa, pofika 1956 madokotala anapeza matendawa mwa anthu, manja dzanzi, kuyenda mopepesuka, ana kubadwa ubongo utaonongeka ngakhale amayi awo akuoneka athanzi.

Nanga Bua wathu amene mu Okutobala amatsala madzi a m'mawondo? Mercury akakhazikika m'matope tizilombo timamusandutsa methylmercury, mtundu wake woopsa umene umaunjikana m'thupi, kansomba kadya, mlamba wadya kansomba, mayi woyembekezera wadya mlamba, ndipo pa sitepe iliyonse akuchulukirachulukira. Komanso Bua amakathira m'nyanja ku Nkhotakota, mpasa umakwera mtsinje womwewu pokaswana.

Anyamata aja sindikuwada ayi, fodya sanawapindulire, ndipo iwo ndi amene akupuma utsi wake akamawotcha kuti golide atsale. Mmodzi ndinamuona akufinya mercury pa kansalu ndi manja opanda magolovesi.

Dzulo amfumu aimbanso, "Alangizi, zotsatira zija bwanji?" Ndinangoti tikubweranso. Amene ali ndi nitric acid ku labu kwawo, ngakhale kabotolo kamodzi, chonde andiuze, Lachiwiri ndikufuna ndikatengenso ena.